Mtengo wa Paini Pamwamba pa Phompho

M'shedi mwa abale awiri opala matabwa munali lamulo limodzi, limene anawasiyira bambo awo: munthu akakhala pa macheka, osamuitana. Kaya kwabwera kasitomala, kaya tiyi akuzizira, kaya kunyumba kwagwa zovuta, unkapita kukaima pamene angakuone n'kudikira mpaka akweze mutu yekha. Wamng'ono, amene anthu ankamutcha Msomali chifukwa cha kuonda, lamuloli ankayenda nalo m'thupi. Ali mnyamata, mayi wina wofuna mpando anamufuulira ali pa makina, iye n'kucheuka. Kuyambira tsikulo dzanja lake lamanzere linatsala ndi zala zitatu.

M'kupita kwa zaka lamulolo linatuluka m'shedi n'kumawatsatira kulikonse. Sankaitanana. Ankatha kugwira ntchito tsiku lonse osalankhulana kupatula kufunsana kumene yapita pensulo. Ponyamula thabwa lalitali, Msomali ankakhala kutsogolo, achimwene ake kumbuyo, thabwa lili paphewa. Wakumbuyo sankafunika kuona njira. Phewa linkamuuza zonse, kuti tikukhota, kuti pali potsika, kuti tichepetse liwiro. Wakutsogolo akaona galimoto kapena dzenje ankangomenya thabwalo kawiri, ndipo wakumbuyo ankaima pomwepo, ngakhale phazi lili m'mwamba. Kumbuyo kukangokhala zii, ndiye kuti zonse zili bwino. Alamu ake a Msomali, akazi a achimwene akewo, ankati anakwatiwa kubanja la nsomba, poti nsomba sizilankhula.

Pakhoma la shediyo panali kalendala yakale imene anawapatsa ogulitsa guluu. Masiku ake anatha kalekale, koma achimwene ake anakana kuichotsa chifukwa cha chithunzi. Chinali cha mitengo ya paini ya pamwamba pa mapiri akutali, yaifupi, yonenepa, yopotoka ngati chingwe, ina yopanda khungwa mbali yonse. M'munsi mwake analembamo kuti mitengoyo inamera kusanakhale tauni kapena msewu.

"Moyo wathu wonse tadyera paini," ankatero akuluwo, "koma agogo ake a paini sitinakawapatseko moni."

Kenaka maso awo anayamba kufooka. Adokotala anati ndi matenda amene amadya kuona kuyambira m'mbali, pang'onopang'ono, ndipo chimene chapita sichibwerera. Akuluwo atachoka kuchipatala anavala epuloni yawo ngati palibe chachitika.

"Ndikuona bwinobwino," anamuuza Msomali. "M'mbali mokha ndi mmene mwada. Nanga m'mbali mwanga mumakhala ndani? Iwe basi. Nkhope yako ndinaiona kokwanira."

Koma sabata yomweyo anaima nthawi yaitali pamaso pa kalendala ija, mphuno ili pafupi kukhudza pepala, kenaka n'kunena kuti apite kukaiona mitengoyo mvula isanayambe.

M'mawa wa ulendo, alamu ake anamukokera Msomali kukhitchini, kumene ankathira tiyi mufulasiki.

"Alamu, munthuyu ndikukupatsani ali ndi miyendo iwiri. Mundibwezere chimodzimodzi."

"Si mwana ayi, alamu."

"Bola mwana, akagwa amanena. Awa dzana athira tiyi patebulo, kapu ili apo, n'kumati tebulo ndiye lapendekeka. Tebulo lopanga okha! Muzikalankhula nawo m'njiramo. Mukundimva? Muzikalankhula."

"Ndamva."

"Mwamva chiyani inu a kubanja la nsomba?" Anatseka fulasikiyo mwamphamvu. "Ndipo iyi ibwere yosasweka."

Anayenda pa basi mpaka pamene phula linathera, kenaka pa lole yopita kukatenga zipika, n'kugona m'kanyumba ka alendo m'tsinde mwa phiri. Kutacha anafika pa geti la nkhalango. Mlonda, bambo wa jekete lalikulu ndi kawailesi m'thumba, anayang'ana imvi zawo, kenaka nsapato zawo.

"Madala, mukafikadi?"

"Tinayamba kuyenda iwe usanabadwe," anatero akuluwo.

Mlondayo anaseka. Anawauza kuti atsate utoto woyera umene anapaka pamiyala. Kumtunda kuli malo opapatiza amene amawatcha pakhosi, thanthwe mbali iyi, phompho mbali inayo, ndipo mitengo yakaleyo ili kutsidya kwake. Nkhungu ikabwera akhale pansi n'kudikira. Osasonkha moto, osatenga mtengo uliwonse.

Anali ndi zikwama ziwiri, chofiira ndi chotuwa. Akuluwo anakankhira chofiiracho kwa Msomali.

"Tenga iwe ichi. Chikukuyenera, uoneke ngati mwana wa sukulu."

Poyamba njira inadutsa m'munda wa paini wobzala, mitengo yowongoka ngati mapensulo, ndipo pansi panali pofewa ndi masamba ouma. Akuluwo ankagogoda thunthu lililonse limene analiyandikira ndi ndodo yawo, n'kumati uwu ngwa zitseko, uwu ngwa mabokosi basi. Kenaka mitengo inatha. Kunabwera udzu waufupi, miyala, ndi mphepo yolowa m'makutu. Nyumba zomaliza zinabisika kuseri kwa chitunda, ndipo kuyambira pamenepo sanaonenso munthu, mbuzi, ngakhale utsi. Msomali anali asanakhalepo pamalo opanda phokoso la makina kapena galimoto. Bata limeneli silinamusangalatse. Linkakhala ngati la m'nyumba imene muli wodwala.

Achimwene ake anapunthwa pa mwala, kenaka pa wina. Msomali anakumbukira mawu a alamu ake.

"Pali muzu apa," anatero.

"Ndauona."

Atayenda pang'ono: "Apa pali potsika."

"Iwe, wayamba liti kulalikira? Ukundiyesa wakhungu? Nsapatozi ndiye vuto, mlamu wako anagula zazikulu. Yenda."

Msomali anachita manyazi n'kutseka pakamwa. Anamva ngati wabwerera m'malaya ake. Iye patsogolo, iwo pambuyo, monga mwa masiku onse.

Dzuwa litakwera anapuma pa thanthwe n'kumwa tiyi. Pomwepo ndi pamene anaiona nkhungu. Inkakwera kuchokera m'chigwa mwakachetechete, ikumeza miyala umodziumodzi, ndipo mphepo inasintha fungo n'kukhala yonyowa.

"Mlonda uja anati tikhale pansi," anatero Msomali.

"Tikhale pansi titafika kale? Sukumva fungolo? Utomoni umenewo. Mitengo ija ili pafupi."

Fungolo linalipodi, lochepa koma lakuthwa. Msomali sanatsutse. Sankawatsutsa kawirikawiri.

Pofika pakhosi paja, nkhungu inali itawapeza. Njira inapapatiza mpaka kufanana ndi chitseko chogonekedwa pansi. Kumanzere kunali khoma la thanthwe lonyowa, kumanja kunali kuyera kokhakokha, ndipo pansi penipeni pankamveka madzi, patali moti ankangonong'ona. Pafupi ndi poyambira, kanjira kena kankapatukira kumanja motsetsereka, ndipo mtengo wautali umene kale unkatchinga kanjirako unali utagwera mu udzu. Msomali anauona koma sanauganizire. Maganizo ake anali pa achimwene ake, amene ankapuma movutikira.

"Ndipatseni chikwamacho, mupepukidwe."

Anatenga chotuwacho n'kuchibereka pamwamba pa chofiira chija.

"Dzanja likhale pathanthwe. Bwerani pambuyo panga."

Anayamba kuwoloka. Miyala inali yoterera, ndipo katundu ankamukokera kumbuyo. Maso ake anali pa mapazi ndi pa madontho a utoto, amene ankavuta kuwasiyanitsa ndi nkhunguyo. Mphepo inkabwera mwa apo ndi apo n'kumukankha paphewa ngati munthu wofuna kudutsa. Sanacheuke. Pamalo ngati amenewo munthu sacheuka. Ankangomvetsera kumbuyo, ndipo kumbuyo kunali zii. Mtima wake unakhazikika.

Njira inatambasuka. Anakwera kachitunda ka miyala yoyera, ndipo mitengo ija inayamba kutuluka m'nkhungu. Inali yaikulu kuposa ya pa kalendala, komanso yoopsa. Ina inagona chammbali ngati yamenyedwa, ina inang'ambika pakati koma ikuphukabe nthambi imodzi yobiriwira. Matupi ake anali osalala ndi otuwa ngati mafupa. Msomali anaima, mpweya ukutuluka ngati utsi.

"Ndi imeneyi, achimwene," anatero, n'kutembenuka.

Kumbuyo kwake kunalibe munthu.

Anadikira. Mwina akubwera pang'onopang'ono. Anamvetsera kugogoda kwa ndodo, kukhosomola, chilichonse. Kunali madontho okha ogwa kuchokera m'nthambi.

Anatsegula pakamwa kuti afuule, koma anadziletsa. Ngati ali pakati pa kanjira kopapatiza kaja, nkhope ili kuthanthwe, akamva kuitana adzacheuka. Zala ziwiri zimene analibe zinayamba kuyabwa, monga zinkachitira nyengo yozizira. Anavula zikwama zonse n'kuziponya pansi. Chotuwa chitagubuduka, chofiira chinaonekera, chowala ngati khala la moto pakati pa kuyera konseko. Anachiyang'ana n'kukumbukira mawu a achimwene ake aja. Tenga iwe ichi. Tsiku lonse achimwene ake sankatsata utoto. Ankatsata chikwamacho, ndipo iye anachiphimba ndi manja ake.

Anawolokanso chobwerera, tsopano mofulumira kuposa mmene kunali koyenera. Pa khona iliyonse ya thanthwe ankayembekeza kugundana ndi munthu. Panalibe. Anafika poyambira paja. Panalibenso. Anayang'ana pansi kumene madzi ankanong'ona, ndipo m'maganizo anaona nkhope ya alamu ake pakhomo, akuyang'ana kumbuyo kwake kuti winayo ali kuti.

Ndodo anaipeza pa kanjira kopatuka kaja. Inagona mu udzu wonyowa, poonekera, mutu wake utaloza kumunsi. Inali ndodo imene akuluwo anaisema okha, ndipo sankaisiya ngakhale popita kukagula buledi. Anaitola. Inali yozizira.

Ndipo anamva. Go, go, go. Kenaka bata. Go, go.

Phokoso limenelo akanalizindikira ngakhale ali m'tulo. Linali la munthu wogogoda mtengo ndi mfundo za zala kuti amve ngati m'kati muli mphako. Anatsika kanjirako chokwawa, udzu ukumuterera m'manja.

Kanjirako kanathera pa mlomo wa thanthwe wotulukira pamwamba pa phompho. Kumapeto kwenikweni kwa mlomowo kunali mtengo umodzi wa paini, wokalamba kuposa yonse ija, thunthu lake lalikulu ngati kanyumba. Mizu ina inagwira thanthwe ngati zala. Ina inkalendewera m'malere. Achimwene ake anali ataukumbatira, chifuwa chili pathunthu, tsaya lili pafupi ndi khungwa. Ankauyeza. Ankatambasula zala, kuika chikhatho, kusuntha, kuikanso, milomo ikuwerenga chamumtima, monga ankachitira ndi chipika chilichonse chimene chinafika m'shedi. Ndipo monga ankachitira nthawi zonse, ankauzungulira, akusendera kumanja pang'onopang'ono.

Nkhungu inang'ambika kwa kanthawi. Msomali anaona mtsinje pansi, wochepa ngati ulusi. Anaonanso pamene thanthwe linkathera. Linkathera pafupi ndi nsapato yakumanja ya achimwene ake. Mbali yotsala ya mtengowo inalibe poponda.

Anachita chimene thupi lake linkadziwa. Anasendera mpaka pamalo pamene angamuone, moyang'anizana nawo, n'kukweza dzanja. Anadikira. Akuluwo anakweza mutu. Nkhope yawo inatembenukira kwa iye, maso ali chitsegukire, ikumwetulira pang'ono ngati ya munthu amene wapeza chinthu chabwino pamsika. Masowo anamudutsa ngati akudutsa mwala. Kenaka mutu unabwerera kumtengo, ndipo chikhatho chinasunthanso.

Kuwagwira sakanatha. Pakati pawo panali mwala wosalala wopendekera kuphompho, ndipo akuluwo anali munthu wathupi. Munthu wodzidzimutsidwa amalumphira kumbuyo, ndipo akanapita onse awiri. Kuwaitana nako kukanawacheukitsa.

Nthambi ina yakufa inachokera pathunthupo n'kudzatsamira pathanthwe pafupi ndi bondo lake. Anaimenya kawiri ndi chikhatho. Mphepo inameza phokosolo. Phazi lamanzere la akuluwo linasendera kufupi ndi linzake. Lamanja linayamba kunyamuka.

Msomali anagwira ndodo ija ndi manja onse awiri n'kumenya nthambiyo. Go! Go!

Phazi linaima m'mwamba.

Palibe china chimene chinasuntha, ngakhale mutu. Anangouma pomwepo, bambo wa imvi ataima ndi mwendo umodzi, akudikira monga ankadikirira pakati pa msewu thabwa lili paphewa.

"Achimwene," anatero Msomali motsitsa mawu, ngati akulankhula ndi mwana wogona. "Ndine. Musatembenuke. Phazi limenelo libwezereni pamene linali."

Phazi linabwerera.

"Pali chiyani?"

"Kumanja kwanu kulibe pansi."

Anaona mawuwo akulowa. Kumwetulira kunachoka. Zala zinakanirira m'ming'alu ya khungwa.

"Pafupi bwanji?"

"Ndikuuzani tikatsika. Tsopano senderani kumanzere, mmene munabwerera."

Anadikira, koma akuluwo sanasunthe. Buluku lawo linayamba kugwedezeka m'mawondo.

"Miyendo yakana, Msomali." Mawu awo anali aang'ono, osakhala awo. "Sindikuona kanthu. Chikwama chija chinangozima. Ndinaima, ndinaima, kenaka ndinati nditsate fungo. Ndodo inagwa, ndinaifufuza osaipeza. Ndimayesa ndafika. Ndimayesa uli pompano, wangokhala chete monga umakhalira."

"Bwanji simunandiitane?"

"Unali pakhosi paja ndi katundu. Ndikanakuitana bwanji?"

Mphepo inawomba, mtengo wonse n'kulira m'kati ngati chitseko chakale, ndipo akuluwo anatseka maso. Msomali anazindikira kuti miyendo yonjenjemera chotero siingaime nthawi yaitali. Ndi pamene anakumbukira mtengo wotchingira njira uja.

"Ndikukatenga chinthu pamtundapa. Gwirani zolimba."

"Usapite."

"Sindikupita patali. Ndizilankhula, muzindimva."

Anayamba kukwera, ndipo anapeza kuti sadziwa cholankhula. Zaka zonsezi analibe nkhani yosungira tsiku ngati limeneli. Anayamba kutchula zimene zinabwera. Anati kabati ya aphunzitsi ena ikudikira vanishi. Anati denga la shedi likudontha pamwamba pa makina. Anati pensulo imene inasowa chaka chatha anaitenga ndi iye, ndipo inali yabwino. Mawu ake ankamveka achilendo m'nkhungumo. Atafika pamtunda sankawaonanso, ndipo apo ndi pamene mantha anamugwira kwenikweni, chifukwa kumunsi kunali zii.

"Mukundimva?"

Zii.

"Achimwene, yankhani."

"Ndikumva," anatero mawu ochokera m'kuyerako. "Pensuloyo ubweze."

Mtengowo unali wautali, wonyowa, wolemera kuposa mmene unkaonekera. Anaukoka kutsika nawo, minga ya udzu ikumucheka m'manja. Atafika anapeza popondera polimba, chidendene chili mumng'alu, n'kuyamba kuukankha pang'onopang'ono pamwamba pa mwala wosalala uja.

"Likubwera thabwa kuphewa lamanzere. Musalifune ndi dzanja, lifika lokha."

Nsonga yake inakhudza khosi lawo, n'kutsetsereka, n'kukhala paphewa, pamalo pamene malaya awo onse ankayambira kutha. Msomali anaona msana wawo ukuwongoka. Dzanja lamanzere linasiya khungwa lokha n'kukwera kukagwira mtengowo. Iye anatembenuka, kupereka msana, n'kuika mbali yake paphewa.

"Mwakonzeka?"

"Nyamula."

Anaponda kamodzi n'kudikira. Kulemera kunasuntha paphewa pake, ndipo anadziwa kuti dzanja lina lija lasiya mtengo. Anapondanso. Sankawaona, koma ankawamva onse m'fupa la phewa, kupuma kwawo, kukayika kwa phazi lililonse. Pakati pa mwala wosalala nsapato ina inaterereka. Mtengo unamukoka mwamphamvu kumbuyo, iye n'kugwa ndi bondo limodzi, zala zake zitatu zitaukanirira mpaka khungu kung'ambika. Timiyala tinagubuduka n'kugwa. Sanatimve tikufika pansi. Anakhala choncho, osapuma, mpaka kukokako kunaleka.

"Ndilipo," anatero akuluwo kumbuyo. "Nsapato zazikuluzi."

Atafika pa njira ya utoto anakhala pansi, misana ili kuthanthwe. Kwa nthawi yaitali ankangopuma. Akuluwo ananunkhiza zikhatho zawo, zakuda ndi utomoni.

"Ndinatsala pang'ono kumaliza kuuyeza."

"Mukanakamalizira kumtsinje."

"Ndi wouma gwa, ulibe mphako ngakhale pang'ono. Koma thabwa silingatulukemo ngakhale limodzi. Wapotoka ngati khalidwe lako." Anapukuta m'maso ndi mkono. "Inayo ili kuti?"

"Kutsidya kwa pakhosi. Sitikupitako."

"Ndi yambiri?"

"Yambiri. Koma wanuwu ndiye wamkulu."

Akuluwo anagwedeza mutu. "Umodzi wakwana. Zikwama zili kuti?"

"Kutsidya komweko."

"Ndi fulasiki ya mlamu wako?"

"Ndi fulasiki yomwe."

"Ndiye bola ukanangondisiya pamtengo paja."

Anaseka pang'ono, kuseka kosakhalitsa, chifukwa kuzizira kunali kutayamba kuwalowa m'mafupa ndipo majuzi anali m'zikwamamo. Kudikira kuti nkhungu ichoke sikukanathekanso. Ananyamula mtengo uja n'kuyamba kutsika.

Njira yonse Msomali analankhula. Mwala kumanja. Potsika, patali pang'ono. Apa poterera, pondani chammbali. Muzu. Phewa linkanena zomwezo, koma iye sanasiye, ndipo akuluwo sanamuletse. Kawiri anataya utoto n'kuima, akuyang'ana mwala ndi mwala mpaka kuupezanso. Akangomva kuti kumbuyo kwakhala chete nthawi yaitali ankafunsa, ndipo yankho linkabwera, nthawi zina ndi mnyozo. Pofika m'munda wa paini wobzala uja nkhungu inali itatsala kumtunda, dzuwa likupendeka, ndipo mawu ake anali atasasa ngati a munthu wochokera ku mpira.

Mlonda uja anawaona akutuluka m'mitengo, madala awiri amatope, opanda zikwama, atasenza mtengo paphewa. Anazimitsa kawailesi kake.

"Madala, si ndinanena kuti osatenga mtengo?"

"Ndi wanu womwe," anatero Msomali monong'ona, poti mawu anali atatha. "Unagwa pa kanjira kopita kuphompho. Mukaubwezere, ndipo mukaukhomere ndithu."

Mlondayo anayang'ana bondo lake lamagazi, kenaka maso a akuluwo, amene ankayang'ana pambali pang'ono pa pamene iye anaima. Sanafunsenso. Analowa m'kanyumba kake kukatereka madzi.

Anatula mtengowo pafupi ndi geti n'kukhala pabenchi. Akuluwo anatambasula dzanja lawo pabondo, chikhatho chili m'mwamba.

"Tatsika tsopano. Panali pafupi bwanji?"

Msomali anatenga dzanja lake lamanzere, lija la zala zitatu, n'kuligoneka chopingasa pachikhathocho.

"Chonchi."

Akuluwo anazigwira zalazo, kuziyeza m'lifupi ndi chala chawo chachikulu. Anazisiya pang'onopang'ono.

"Usakamuuze mlamu wako."

"Ndikawauza."

"Iwe."

"Ndikawauza zonse, ndi za chikwama zomwe. Ndiponso pa macheka mwachokapo, achimwene. Muzipala, muzipaka vanishi, muzindinyoza mmene mungafunire. Makina aja ndi anga."

Akuluwo sanayankhe. Anakhala chete, nkhope ili kuphiri limene silinkaonekanso, zala zikufikisa utomoni wa m'chikhatho. M'kanyumba muja ketulo inayamba kulira. Masiku onse a moyo wake Msomali akanatenga bata limenelo ngati kuvomera, n'kudzuka kukalandira tiyi. Anakhalabe pabenchipo.

"Yankhani," anatero.

"Ndamva," anatero achimwene ake.